Bambo anga akufuna kukaona sitima za malasha: masiku 7 okha, ndidule pati?

Nachisale_LE
Abale, ndithandizeni nzeru. Bambo anga akubwera kuchokera ku Blantyre mwezi wa Ogasiti, adzakhala nafe kuno ku Leicester masabata asanu. Ali ndi zaka 76, ndipo moyo wawo wonse anagwira ntchito ya njanji ku Limbe, ku shedi yokonzera mitu ya sitima. Analowa ntchito sitima za malasha zisanatheretu. Nditawafunsa pa foni kuti akufuna kudzaona chiyani kuno, sanatchule London, sanatchule mpira. Anangoti, "Mwanawe, ndikufuna ndikaone kumene ankapanga makina amene ndinkakonza aja, ndikamvenso fungo la malasha kamodzi kokha."

Ndapempha tchuthi cha masiku 7. Tilipo asanu: ine, bambo a kunyumba, ana awiri (wa zaka 11 ndi wa zaka 6) ndi agogo awowo. Galimoto tili nayo koma ndi yaing'ono. Pa pepala ndalemba York, Shildon, Beamish, North Yorkshire Moors Railway, Manchester, Ironbridge, Severn Valley Railway, Big Pit, Ffestiniog, ndi sitima ya ku Fort William ija. Bambo a kunyumba atayang'ana anangopukusa mutu. Ndidule pati? Bondo la bambo limavutanso, sayenda mtunda wautali.

Mtchona_wa_Gorton
Achemwali, pepala limenelo ndi la mwezi wathunthu. Blaenavon, kumene kuli mgodi wa Big Pit, ili kummwera kwa Wales, Fort William ili kumtunda kwa Scotland. Mudzathera tchuthi chonse mu galimoto, madala bondo litatupa.

MaiTadala
Ndikugwirizana nawo. Ife chaka chatha tinayesa malo asanu pa masiku anayi, ana anafika podana ndi mawu oti myuziyamu. Sankhani chigawo chimodzi, mugone malo amodzi, muzituluka m'mawa n'kubwerera madzulo.

AkuNjanji
Ine ndimadzipereka Loweruka lililonse pa kanjanji kena kakale, ntchito yanga ndi kupukuta mitu ya sitima ndi kuchotsa phulusa. Ndiye ndiyankhe ngati munthu amene amawaona alendo akubwera ndi kupita.

Ndikanakhala ine, ndikanagwira kumpoto chakummawa kwa England, n'kugona ku York kapena ku Darlington. Chifukwa chake n'chakuti malo anayi pa pepala lanu ali moyandikana, ndipo awiri mwa iwo salipiritsa pakhomo: National Railway Museum ku York ndi Locomotion ku Shildon. Ku York kuli Mallard, mutu wa sitima wobiriwira ngati mtambo uja umene pa 3 Julaye 1938 unathamanga mamailosi 126 pa ola, ndipo mpaka lero palibe sitima ya malasha imene inauposa. Kuli bogi ya Shinkansen, sitima yaliwiro ya ku Japan, kulinso chimutu chachikulu chimene chinapangidwa kuno n'kukagwira ntchito ku China. Ku Shildon kuli Locomotion No. 1, imene inakoka sitima yotsegulira njanji ya Stockton ndi Darlington pa 27 Seputembala 1825. Kuchoka ku York kufika ku Darlington pa sitima ndi pafupifupi theka la ola, kenako mukwera ina yaing'ono imene imaima pa Shildon penipeni.

Koma mverani ichi. Munthu amene anakalambira mu shedi sakhutira ndi makina opukutidwa, ozizira, ongoima mu holo. Adzawayang'ana, adzagwedeza mutu, koma mtima sudzagunda. Chimene akufuna ndi mutu wamoyo, ukutuluka nthunzi, mafuta akudontha. Chimenecho mukachipeza ku Grosmont, pa North Yorkshire Moors Railway. Mukatsika pa siteshoni pali kanjira ka oyenda pansi kodutsa mu kamphanga kakale ka m'ma 1830, ka nthawi imene mabogi ankakokedwa ndi mahatchi, ndipo kamakafika kumashedi kumene amakonzera. Tsiku limenelo musalipanikize ndi china chilichonse.

Nachisale_LE
A AkuNjanji, mwandikhudza. Bambo akamakamba za ku Limbe sakamba za ulendo, amakamba za kulowa pansi pa mutu wa sitima ndi nyali, ndi mmene ankadziwira vuto pongomva kulira kwake. Za shedi sindinaziganizire n'komwe. Kanjira kameneko n'kotalika?

AkuNjanji
Ayi, mphindi zochepa chabe, ndipo n'kosakwera. Ayende pang'onopang'ono ndi ndodo yawo.

Chimwemwe_Clyde
Ndiye Scotland mwaitaya basi? Munthu wochokera ku Blantyre abwere mpaka kuno osaona Blantyre yoyamba? Fort William isiyeni, ndikuvomereza, n'kutali ndipo matikiti a sitima imeneyo nthawi ya Ogasiti amatha kale. Koma Glasgow musaisiye. Nyumba imene anabadwiramo David Livingstone pa 19 Malichi 1813 ilipobe ku Blantyre ya pafupi ndi Glasgow, dzina lake Shuttle Row, ndipo sinali nyumba ya abusa ayi, inali mdadada wa antchito a fakitale ya thonje, banja lonse chipinda chimodzi. Livingstone analowa ntchito mu fakitaleyo ali ndi zaka 10, kulumikiza ulusi ukaduka pa makina, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku. Imeneyo ndi mbiri ya mafakitale yeniyeni, ndipo ndi yathu yomwe. Mwana wanu wa zaka 11 akaime mu chipindacho muone nkhope yake.

Komanso bambo anu ati akufuna kumene ankapanga makina. Glasgow ndiye kwake. Ku Riverside Museum, kolowa ulere, kuli chimutu cha sitima cha ku South Africa, nambala 3007, chimene anachipanga a North British Locomotive Company mumzinda momwemo m'ma 1940, chinagwira ntchito kumeneko zaka zambiri n'kubwezedwa kwawo. Njanji yake ndi ya muyeso womwewo wa kwathu, mafiti atatu ndi theka. Adzachizindikira msanga kuposa Mallard. Ngakhale Ilala yathu ija anaipangira pa mtsinje wa Clyde mu 1949, n'kuitumiza zidutswazidutswa.

Mtchona_wa_Gorton
A Chimwemwe, mwayambanso kumuwonjezera munthu amene wapempha kuti timudulire.

Chimwemwe_Clyde
Achimwene, madala akhala masabata asanu. Glasgow ikhoza kukhala ya Loweruka ndi Lamlungu lina, sikuti ilowe m'masiku 7 amenewa. Ndangoti asabwerere kumudzi asanafikeko.

Mtchona_wa_Gorton
Apo ndiye tamvana. Ndiye nanenso ndiponyepo yanga ya Loweruka lina. Ine ndimakhala ku Gorton, kuno ku Manchester, ndipo ndinakhala zaka zitatu osadziwa kuti mafakitale a Beyer, Peacock anali pafupi ndi pamene ndimakwerera basi. Ameneyo ndiye ankapanga mitu ya Garratt imene inadzaza njanji za Rhodesia ndi South Africa. Ku Science and Industry Museum kuli Garratt imodzi ya ku South Africa, ndipo malo omwewo ndi siteshoni ya Liverpool Road ya mu 1830, imodzi mwa masiteshoni a anthu akale kwambiri amene adakalipo. Kungoti mbali zina za malowa akhala akuzikonza kwa nthawi yaitali, ndiye muyambe mwaona pa intaneti kuti chotsegula ndi chiti.

Tiya_Notts
Pepani, Garratt n'chiyani? Ena tikungowerenga osamva.

Sekuru_Byo
Mwanangu, ndikufotokozere ine amene ndinakulira pafupi nazo. Bambo anga anachoka ku Ntcheu kubwera kuno ku Bulawayo mu nthawi ya chitaganya, ndipo tinkakhala moti usiku umazimva zikupuma ku shedi. Mutu wamba uli ndi boila pamwamba, mawilo pansi pake, ndi ngolo ya malasha kumbuyo. Garratt ili patatu. Kutsogolo kuli injini ndi mawilo ake itasenza thanki ya madzi, kumbuyo kuli injini ina ndi mawilo ake itasenza malasha, ndipo boila ili pakati, yolendewera ngati machila onyamulidwa ndi anthu awiri. Ndiye ikafika pokhota imapindika, ndipo kulemera kwake kumagawanika pa mawilo ambiri. N'chifukwa chake inkakwanitsa njanji zathu zopepuka, zokhotakhota, zokwera mapiri. Kuno tili ndi Railway Museum yathu, ndipo zilipo zingapo.

A Nachisale, ngati bambo anu sanakwerepo Garratt ikuyenda, ndamva kuti ku Wales zilipo.

AkuNjanji
Zoona agogo. Welsh Highland Railway, mamailosi 25 kuchoka ku Caernarfon kufika ku Porthmadog, imayendetsa ma Garratt amene anagwirapo ntchito ku South Africa pa njanji yopapatiza ya mafiti awiri. Ndi ulendo wokongola kwambiri, ndipo pa Porthmadog pomwepo mpamene pamayambira Ffestiniog, imene inatsegulidwa mu 1836 kuti izitsitsa miyala yofolerera nyumba kuchoka ku Blaenau Ffestiniog. Poyamba mabogi ankangotsetsereka okha kutsika phiri, mahatchi n'kuwakoka opanda katundu pobwerera. Talyllyn ilinso chakumeneko, yoyamba pa dziko lonse kupulumutsidwa ndi anthu odzipereka, mu 1951. Ndiye Wales payokha ndi sabata yathunthu. Musankhe: kaya Wales, kaya kumpoto chakummawa. Zonse ziwiri ayi.

MaiTadala
Mabogi a njanji zopapatizazo ndi othina, ndipo ulendo wopita ndi kubwerera umadya tsiku lonse. Kwa mwana wa zaka 6 ndi munthu wa bondo, ine ndikanakayika.

KwaGoliati
Ine ndifunse mosabisa, musandikwiyire. Tikuwononga mapaundi kukagomera zitsulo za anthu amene anatilamulira? Njanji ya kwathu sanaimangire ife. Anaimangira tiyi, fodya ndi thonje la azungu a m'maesiteti kuti zikafike kunyanja. Amene anakumba ndi kusenza dothi ndi makolo athu. Ndiye tikaime pamaso pa makina amenewo tikuomba m'manja?

Nachisale_LE
Sindikukwiya achimwene, funso lake n'lomveka. Koma bambo anga sakupita kukaombera m'manja mzungu. Manja awo ali ndi zipsera za makina amenewo. Chala chawo chimodzi sichipindika mpaka lero. Ndi ntchito imeneyo anatiphunzitsa tonse asanu ndi mmodzi. Kwa iwo zitsulo zimenezo ndi zawo kuposa za amene anazigulitsa, chifukwa ndiwo ankazidzutsa zikafa.

MphunzitsiWaMbiri
A KwaGoliati sakunama, koma ine ndimaona kuti chimenecho ndicho chifukwa chopitira, osati chokhalira kunyumba. Tiyeni tiike zaka pa tebulo. Shire Highlands Railway inalumikiza Port Herald, imene lero ndi Nsanje, ndi Blantyre mu 1908. Mu 1915 njanji inafika ku Chindio m'mbali mwa Zambezi, mu 1922 inatseguka ya tsidya lina yopita ku Beira, koma katundu ankaolokabe mtsinje pa madzi mpaka mlatho wa Dona Ana utatha mu 1935, chaka chomwe njanji inafikanso ku Salima. Ngongole za njanji zimenezi zinalemera pa boma la Nyasaland kwa zaka zambiri, kutanthauza pa msonkho wa anthu wamba. Ya ku Nacala kudzera ku Nayuchi inabwera mu 1970, titadzilamulira kale.

Tsono taonani. Kampani imene inamanga mlatho wa Dona Ana ndi Cleveland Bridge ya ku Darlington, yomwenso inapanga mlatho wa pa Victoria Falls mu 1905. Ndiye a Nachisale mukagona ku Darlington, mwagona m'tauni imene munachokera zitsulo zimene sitima za bambo anu zinkaolokerapo popita ku Beira. Mwana akamva zimenezo ataima pamalopo, amayamba kufunsa kuti ndalama zinkachokera kuti ndipo zinkapita kuti. Funso limenelo sangalifunse ali pa sofa.

Chimodzimodzi mafakitale a thonje. Ku Quarry Bank, pafupi ndi Manchester, fakitale ya mu 1784, amakuonetsa nyumba imene ankagonamo ana amasiye ndi osauka ogwira ntchito pa makina, ndipo sabisa kuti thonje lambiri linkalimidwa ndi akapolo ku America. Ovutika analipo mbali zonse ziwiri za nyanja.

KwaGoliati
Aphunzitsi, ndamva. Koma si malo onse amene amanena zimenezo. Ena amangokuonetsa mkuwa wonyezimira ndi tiyi wa masana.

MphunzitsiWaMbiri
N'zoona. Pamenepo ndiye agogo amalankhula. Ali ndi mbali ya nkhani imene sinalembedwe pa khoma.

Wa_ku_Chipata
Ndilowererepo pang'ono. Nditapita ku Shildon zaka zapitazo ndinapeza mutu wakale wa m'ma 1890 umene unkakoka matabwa pa njanji ya Zambezi Sawmills, ya ku Mulobezi ija. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, chifukwa anzake ndinawaonapo ku Railway Museum ya ku Livingstone ndili pa sukulu. Zinthu amazisuntha nthawi zina, ndiye mukafunse pakhomo ngati ulipo. Madala akauona adzaseka okha.

Nachisale_LE
Ndalemba. Kwathu bambo ankatitengera ku Chichiri kukaona mitu ili panja ija, n'kumatiuza dzina la chitsulo chilichonse. Kamodzi kakang'ono kaja ankati n'kakale kuposa agogo awo.

MphunzitsiWaMbiri
Kameneko ndi Shamrock, kanabwera ndi kanzake Thistle nthawi yomanga njanji ya Shire Highlands. Timitu tiwiriti anatipanga a Bagnall ku Stafford.

Mai_a_Dalitso
Inu mukukamba za zitsulo, ine ndikambe za mimba. Munthu wa zaka 76 wochokera kumudzi simungamudyetse masangweji masiku 7. Musagone mu hotela, pezani nyumba ya lendi yokhala ndi khitchini, munyamule ufa, mthiko ndi poto wanu. Mapoto a m'nyumba zimenezo ndi opyapyala, nsima imapserera pansi. Apongozi anga tsiku lachitatu anangokhala chete, tinkayesa akudwala, kumeneko ndi njala ya nsima.

Tiya_Notts
Ndi fulasiki ya tiyi. Tiyi wa anthu asanu pa siteshoni katatu pa tsiku, mudzadabwa ndalama zapita kuti.

Mtchona_wa_Gorton
Ufa ngati mulibe wabwino ndiuzeni, mlamu wanga wabwera nawo wa mgaiwa.

Chimwemwe_Clyde
Mgaiwa kwa mlendo wolemekezeka? Woyera achimwene.

Mtchona_wa_Gorton
Adokotala amawauza akuluakulu kuti adye mgaiwa. Afunseni eni ake.

Nachisale_LE
Bambo ndi a mgaiwa, zikomo a Gorton, ndikupezani. Tibwerere ku ulendo. Funso lina: galimoto kapena sitima? Ndi ndalama zake zimakhala bwanji?

MaiTadala
Ngati mukwera sitima wamba, gulani Family & Friends Railcard. Imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu pa tikiti ya wamkulu ndi 60 peresenti pa ya mwana, ndipo khadi limodzi limakwana akuluakulu anayi ndi ana anayi bola muyende limodzi. Kwa inu asanu ibweza ndalama yake pa ulendo woyamba. Koma dziwani kuti njanji zakalezi ndi zoima pazokha, zili ndi matikiti awoawo, khadilo musalidalire kumeneko.

Ine ndikanasakaniza. Galimoto kufika nayo kumene mukugona, kenako York ndi Shildon pa sitima chifukwa malo onsewa ali pafupi ndi siteshoni, ndipo kuimika galimoto ku York n'kodula. Beamish ndi Pickering, kumene imayambira North Yorkshire Moors Railway, pa galimoto. Ku Pickering sikufika sitima wamba.

AkuNjanji
Ndiwonjezere zitatu zimene zimaliza alendo athu.

Choyamba, si sitima iliyonse pa njanji yakale imene imakokedwa ndi mutu wa malasha. Zina ndi za dizilo. Pa ndandanda wa nthawi amalemba, muyang'anitsitse musanagule. Chachiwiri, Ogasiti kukauma kwambiri amachepetsa kapena kuimitsa za malasha chifukwa nthethe za moto zimayatsa tchire, makamaka kumapiri a Yorkshire kumene kuli udzu wouma. Ndiye tsiku la Grosmont muliike koyambirira kwa sabata kuti likalephereka mukhale ndi pothawira, ndipo muone uthenga wawo m'mawa wa tsikulo. Pothawira pabwino ndi Keighley and Worth Valley, mamailosi 5 okha, imayambira pa siteshoni yomweyo ya sitima zochokera ku Leeds. Chachitatu, mitengo yakwera, ndipo chimodzi mwa zifukwa ndi malasha. Mgodi wakuya womaliza, Kellingley, unatsekedwa mu 2015, ndipo wa Ffos-y-fran ku Wales umene ambiri tinkagulako unasiya mu 2023. Lero dziko limene linkagulitsa malasha kulikonse likuitanitsa kunja kuti sitima zakalezi ziyende.

Komanso musavale zoyera. Mukatsegula windo kaphulusa kamalowa, ndipo kakalowa m'diso mwana asatikite, mutsukeni ndi madzi.

Nyamazawo
Ine zinandionekera zimenezo za dizilo. Tinayenda maola atatu, ana atavala bwino, tafika pa njanji ina sinditchula dzina, kukubwera chimutu cha dizilo. Mwana wanga analira mpaka kubwerera. Pa tikiti panalembedwa timalemba ting'onoting'ono kuti akhoza kusintha. Imbani foni musananyamuke.

Mwana_wa_Mtheba
Palibe amene wanenapo za Big Pit, ndiye ndinene. Ngati mwasankha kumpoto, Big Pit yagwa, koma mgodi musauchotse. Pafupi ndi Wakefield pali National Coal Mining Museum, pa mgodi wakale wa Caphouse, ndipo ili pa njira yanu yochokera ku Leicester. Amakutsitsani mamita 140 pansi.

Ine ndinapita chifukwa cha bambo anga. Anapita ku Joni kawiri pa Wenela, asanaletse a Kamuzu ndege ija itagwa ku Francistown mu 1974. Anabwera ndi wailesi, njinga ndi chifuwa chimene sichinathe mpaka anamwalira. Za pansi sankakamba. Tsiku limene ndinatsika, pakhomo anatilanda mafoni, mawotchi a batire ndi chilichonse chotha kuyatsa moto, anatipatsa zisoti ndi nyali, ndi kachitsulo kozungulira kokhala ndi nambala kosonyeza kuti munthu uyu ali pansi. Wotitsogolera anali mkulu amene anagwirapo mu mgodi. Titafika pena anati tonse tizimitse nyali. Abale, mdima umenewo si wa usiku wa kumudzi. Ndinaika dzanja pamphuno osaliona. Mwana wanga anandigwira malaya, ine ndikulira mwakachetechete, chifukwa migodi ya golide imene bambo ankatsika inali yakuya kuposa pamenepo kambirimbiri, ndiponso yotentha. Nditatuluka ndinabweza kachitsulo kaja ndili njenjenje.

A KwaGoliati, ine kumeneko sindinapite kukagomera munthu.

KwaGoliati
Pepani kwambiri achimwene. Agogo anga aamuna anatsalira ku migodi ya malasha ya ku Wankie, sitinaone ngakhale manda. Ku Caphouse ndiye ndingapite.

MaiTadala
Mgodi ndi wabwino, koma a Nachisale mufunse bwino za bondo. Pansi pamayendedwa kupitirira ola, malo ena mowerama. Pali malire a zaka za ana, ndikukhulupirira wa zaka 6 amaloledwa koma mutsimikize, ndipo malo ake musungitsiretu. Ngati madala sangathe, pamwamba palinso zoona zambiri, akhoza kudikira ndi mmodzi wa inu.

Tiya_Notts
Nanga Beamish? Ndimangoimva.

Mai_a_Dalitso
Beamish ndi mudzi wathunthu, si nyumba imodzi. Anasamutsa nyumba zenizeni zakale n'kuzimanganso: tauni ya m'ma 1900, mudzi wa anthu a mu mgodi ndi sukulu yake ndi tchalitchi, famu, ndi mbali ya m'ma 1950. Anthu ake amavala zakale ndipo amagwiradi ntchito, wina akuphika buledi pa moto wa malasha, wina akupanga maswiti ana akuonerera. Malo ndi aakulu kwambiri, koma muli ma tram ndi mabasi akale ozungulira, ndiye madala azikwera, asayende. Tikiti yake mukagula imagwira chaka chonse. Apongozi anga chimene chinawagwira mtima ndi nyumba za anthu a mu mgodi, kabafa kachitsulo kali pakhoma, kadimba ka ndiwo kuseri. Anati, "Kani azungu ankakhalanso mu komboni?" Anakhala pa mpando m'nyumbamo osafuna kutuluka.

Chimwemwe_Clyde
Pamenepo mwana wa zaka 6 ndiye adzasangalala kuposa kwina konse.

Ironbridge_Fan
Ine mtima ukuwawa kuti Ironbridge yagwa. Pamenepo mpamene Abraham Darby anayamba kusungunula chitsulo ndi malasha owotcha mu 1709, ndipo mlatho wachitsulo uja ndi wa mu 1779. Popanda pamenepo njanji sizikanakhalapo. Severn Valley ili pafupi, Bridgnorth mpaka Kidderminster, mamailosi 16.

Mtchona_wa_Gorton
Kuchoka ku Leicester n'kosakwana maola awiri pa galimoto. Limenelo ndi la tsiku limodzi lapadera, safunika tchuthi.

Nachisale_LE
Abale, zikomo nonse. Usiku wathawu tinakhala pansi ndi bambo a kunyumba, kenako ndinaimbira bambo ku Blantyre n'kuwawerengera zonse. Tagwirizana chonchi. Tipeza nyumba ya khitchini chapakati pa York ndi Darlington. Lolemba tinyamuka, tiima ku Caphouse, ana ndi bambo awo atsike, ine ndidzaona mmene bondo lilili tsikulo. Lachiwiri Grosmont ndi shedi, tsiku lonse, popanda china. Lachitatu York. Lachinayi kupuma, mwina ana akaone nyanja. Lachisanu Shildon ndi Darlington. Loweruka Beamish. Lamlungu tchalitchi n'kubwerera. Glasgow ndi Blantyre tipita Loweruka lina pa sitima, a Chimwemwe musadandaule, ndipo Manchester ndi Ironbridge tiona mmene mphamvu zilili. Wales yatsala.

Nditawauza za Garratt ya ku Wales anakhala chete pang'ono, kenako anati zilibe kanthu, shedi ndiye yofunika. Afunsa chinthu chimodzi: kodi angabwere ndi ovololo yawo yakale? Anaisunga mu sutikesi chipumireni pa ntchito. Akuti sakufuna kukaima pamaso pa amisiri anzawo atavala jekete ngati bwana.

AkuNjanji
Abwere nayo, ndi nsapato zolimba zotseka. Mkati mwenimweni mogwirira ntchito salola mlendo kungolowa, pali malo oonerera, ndiye musawalonjeze zambiri. Koma alembereni a njanjiyo kusanathe mwezi uno, munene kuti mukubwera ndi fitala wa zaka 76 amene anakonzapo mitu ya malasha ku Limbe, pa njanji ya mafiti atatu ndi theka. Ambiri ogwira m'mashedi amenewa ndi akuluakulu opuma pa ntchito ngati iwowo, ndipo munthu wotere sabwera kawirikawiri. Mukafike m'mawa sitima yoyamba isananyamuke, nthawi imene akuthira mafuta ndi kukoleza moto. Ngati ali ndi zithunzi za ku shedi ya ku Limbe, anyamule.

Nachisale_LE
Chilipo chimodzi, ali anyamata asanu ndi awiri ataima kutsogolo kwa mutu, bambo ali kumapeto atagwira sipanala. Ndiwauza mng'ono wanga achichotse mu fulemu achiike pakati pa Baibulo lawo kuti chisapindike.